Asanafike pa Malangalanga: mbiri ya ana ogona m'misewu, kuyambira kumapiri a Dedza

Tchuthi cha mwezi wa Julaye chapitachi, ndikuchokera kusukulu ku Mzuzu, ndinatsikira pa depoti ya ku Lilongwe kuti ndikwere minibasi ya kwathu ku Dedza. Ndisanatsitse n'komwe chikwama, kamnyamata kena kanali katachigwira kale. "Achimwene, ndikunyamulireni." Mwa kuona kwanga anali wa zaka 11 kapena 12. Anavala juzi ya munthu wamkulu yofika m'mawondo, kumapazi kulibe kanthu. Ndinamufunsa kwawo, poganiza kuti atchula Mchesi kapena Chinsapo. Iye anati, "Kwa Kaphuka."

Kwa Kaphuka ndi ku Dedza, ndipo si kutali ndi kwathu. Ndinamugulira tchipisi pachiwaya, ndipo pamene tinkadikira kuti minibasi idzaze anandifotokozera zake pang'ono. Mayi ake anamwalira. Ankakhala ndi agogo. Bambo wina anabwera pamudzi kudzafuna mwana woti azikamugulitsira zinthu m'tauni, ndipo agogo anavomera. Atagwira miyezi ingapo osalandira kanthu, anathawa. Tsopano amagona pakhonde la sitolo chakumsewu wa Malangalanga, pamodzi ndi anzake. Nditamufunsa chifukwa chake sabwerera kumudzi, anangoti, "Ndikadya chiyani?"

Funso limenelo lakhala likundizungulira m'mutu kuyambira tsikulo. Tikamakamba za ana a m'misewu, kapena amasikini monga ambiri timawatchulira, timalankhula ngati kuti anamera okha m'tauni ngati bowa. Ena amati ndi ana osamva, ena amati ndi makolo a masiku ano osalera. Ine ndikuona kuti nkhaniyi ndi yakale kwambiri ndipo gwero lake lili kumudzi. Kwa zaka zoposa 100, pakhala zinthu zochotsa akuluakulu pakhomo, kuchepetsa minda ndi kupsinja achibale otsala, mpaka mwana n'kusowa womugwira dzanja. Ndipo nthawi yonseyi boma, la atsamunda ndi lathu lomwe, lakhala likumudikira mwanayo kumapeto kwa ulendo wake, ndi lamulo lomumanga.

Kale mwana anali wa mbumba

Kwa Achewa a kuno kumapiri, mwana amawerengedwa kuchikazi. Mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi, pachikamwini, ndipo amene ali ndi mphamvu pa ana ndi malume, kapena kuti atsibweni, mwini mbumba. Dongosolo limeneli linali ndi ubwino umodzi waukulu kwa mwana: banja likatha kapena bambo akamwalira, mwanayo sankasamuka. Ankatsala pamudzi wa mayi ake, pamunda wa mayi ake, pakati pa mayi aang'ono, mayi aakulu ndi agogo. Akamwalira mayi, mchemwali wawo ankangomutenga. N'chifukwa chake makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Koma tisadzinamize kuti kale zonse zinali bwino. M'zaka za m'ma 1800 dera lino linali pankhondo. Angoni a Maseko anakhazikika m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu ndi kutsidya ku Angonia, ndipo malonda a akapolo ochokera kunyanja anafika mpaka kuno. Anthu ankathawira m'mapiri ndi m'mapanga. Ana ambiri anagwidwa, ena analekana ndi makolo awo pothawa. Panalinso mwambo wa chikole: banja likakhala ndi mlandu kapena njala ikavuta, mwana ankatha kuperekedwa kwa munthu wina ngati chigwiriro cha ngongole, ndipo kawirikawiri woperekayo anali malume yemweyo. Amishoni oyamba, monga Azungu a mpingo wa Dutch amene anafika ku Mvera mu 1889 ndi ansembe a Chikatolika amene anatsegula Mua mu 1902, anapeza dziko lomwe munali kale ana opanda kwawo.

Phunziro lake n'lakuti mbumba inkateteza mwana pokhapokha pamene inali ndi chakudya ndi anthu amphamvu. Zikasowa ziwirizi, mwana ndiye ankayamba kuperekedwa. Agogo a mnyamata uja, povomera kuti mdzukulu wawo apite ndi mlendo, anachita zomwe anthu opanikizika akhala akuchita kuyambira kalekale.

Msonkho, Joni ndi machona

Angelezi atalanda dziko lino mu 1891, posakhalitsa anabweretsa msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama. Kumudzi kunalibe ndalama, choncho amuna anayamba kuyenda: ku minda ya Azungu kumwera, ku Halale, ku migodi ya ku Joni. Pambuyo pake bungwe la Wenela linkatenga anthu mwa dongosolo, mpaka kumawakweza ndege. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Kamuzu Banda anaimitsa ulendowu ndege itagwa ku Francistown pa 4 Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74. Unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kudzatheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Agogo anga aakazi amatchulabe mayina a amuna a pamudzi pathu amene anapita osabwerera. Amenewa ndi machona. Ena ankatumiza ndalama ndi mabulangete kwa zaka zingapo, kenako zii. Tikamaphunzira za Wenela m'kalasi timakamba za ndalama zomwe boma linkapeza ndi za njinga ndi mawailesi omwe obwerera ankabweretsa. Sitikamba kawirikawiri kuti amene ankapitawo sanali abambo okha. Analinso amalume. Mnyamata wamphamvu amene ankayenera kuyang'anira mbumba ndi yemwe ankakwera ndege. Pakhomo pankatsala amayi ndi nkhalamba, ndipo ntchito ya mwamuna wochokayo inkagwera ana: kuweta ng'ombe, kulima, ganyu.

Njala ya mu 1949 inaonetsa poyera kufooka kumeneku. Katswiri wa mbiri Megan Vaughan, amene anafufuza za njalayi m'boma la Blantyre, anapeza kuti amayi ankaikumbukira ngati nthawi yomwe amuna ambiri anachoka ati kukafuna chakudya, n'kusiya akazi ndi ana osabwereranso. Uku ndi kumwera, koma ukwati wake ndi wachikamwini ngati wathu. Mkamwini ndi mlendo pamudzi, ndipo zinthu zikathina mlendo amanyamuka.

Lamulo la vakabu

Pamene midzi inkataya anthu ake, matauni ankakula, ndipo atsamunda sankafuna kuona munthu wakuda wopanda ntchito akuyendayenda m'tauni. Malamulo a milandu amene anayamba kugwira ntchito mu 1930 anali ndi ndime zolanga anthu opemphetsa ndi oyenda popanda chifukwa chomveka. Ndimezi anazitengera ku lamulo la ku England la mu 1824. Ndiye vakabu amene tonse timamudziwa. Munthu sankamangidwa chifukwa choti waba, koma chifukwa choti wapezeka pamalo pa nthawi imene wapolisi akuona kuti sayenera kupezekapo. Mwana wogona pakhonde la sitolo, mwa lamulo limeneli, ankalakwa usiku uliwonse.

Titalandira ufulu mu 1964 sitinasinthe maganizo amenewa. Ana opezeka ndi milandu kapena osowa owasamala ankatumizidwa ku malo osungirako ana monga ku Chilwa ku Zomba ndi ku Mpemba ku Blantyre. Akuluakulu ena amati nthawi ya Kamuzu kunalibe amasikini. N'zoona kuti sankaoneka ambiri. Matauni anali aang'ono, Lilongwe inangokhala likulu mu 1975, ndipo apolisi ndi a Payoniya sankalola munthu kungokhala pamsewu. Koma kusaoneka si kusakhalapo. Ana osauka a nthawi imeneyo anali m'maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji, kumene mabanja athunthu ankagwira ntchito ngati matenanti, ndipo Dedza inali limodzi mwa maboma otumiza anthu kumeneko.

Vakabu anakhalapo mpaka posachedwapa. Mu Januwale 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa m'mamawa akupita kumsika wa Limbe, bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti ndime 184(1)(c) ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Mu Disembala 2020 bwalo la Africa loona za ufulu wa anthu linanenanso kuti malamulo a mtundu umenewu amaphwanya ufulu wa anthu, kuphatikizapo wa ana. Tangoganizani: lamulo lolembedwa ku London mu 1824 linkagwirabe ana a ku Dedza zaka zoposa 50 titadzilamulira.

Nkhondo, Edzi ndi njala

Ngati pali nyengo imene inathyola msana wa mbumba, ndi kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1980 kufika mu 2002. Choyamba inali nkhondo ya ku Mozambique. Malawi inalandira othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene malire ali pafupi ndi msewu wa M1, ambiri sanapite kumisasa. Anakhala m'midzi momwemo, pakati pa abale awo olankhula chinenero chimodzi. Anthu anagawana minda, nkhuni ndi madzi. Pakati pa othawawo panali ana ofika okha. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 ambiri anabwerera, koma mapiri anatsala opanda mitengo ndipo minda inali itatopa.

Chachiwiri inali Edzi. Munthu woyamba anapezeka ndi kachilomboka m'dziko muno mu 1985, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ndi awiri aliwonse anali nako. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004. Pakati pa zaka zimenezi panapita m'badwo wathunthu. Matenda ena amatenga makanda ndi nkhalamba, koma awa ankatenga anthu a zaka za pakati: mayi, bambo, malume, mayi aang'ono, onse amene dongosolo la makolo linkadalira. Ana anatsala ndi agogo, ndipo nyumba zina zinatsala ndi ana okhaokha. Kulanda katundu wa amasiye kunafala kwambiri, mpaka boma linachita kukhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye mu 2011.

Chachitatu inali njala ya mu 2001 ndi 2002. Chimanga chosungira dziko chinali chitagulitsidwa, mitengo inakwera koopsa, ndipo Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza mu Febuluwale 2002 kuti dziko lili pangozi. Chigawo chapakati chinavutika kwambiri. Kwathu akuluakulu amaikumbukira ngati chaka cha gaga ndi zitsa za nthochi. Ana ankasiya sukulu kukasaka ganyu, ndipo ena atafika pa Chimbiya kapena pa Dedza boma sanabwererenso.

Si mwangozi kuti mabungwe odziwika othandiza ana a m'misewu anayamba m'zaka zomwezi. Samaritan Trust ndi Chisomo Children's Club ku Blantyre, komanso Tikondane ya masisitere a Chikatolika ku Lilongwe, onse ndi a m'zaka za m'ma 1990. Anabadwa chifukwa ana anali atayamba kuoneka m'misewu mwa unyinji umene kale kunalibe.

Pansi pa zonsezi pali nkhani ya malo. Mu 1966 Amalawi tinalipo pafupifupi 4 miliyoni. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 17.6 miliyoni, ndipo pafupifupi theka ndi ana osakwana zaka 18. Dedza yokha inali ndi anthu oposa 830,000. Munda umene agogo analima okha lero wagawidwa kwa ana ndi zidzukulu, aliyense kachigawo kake. Timanyadira mbatatesi zathu, zomwe zimadyetsa ziwaya za ku Lilongwe ndi ku Blantyre, koma mbatatesi zimafuna feteleza ndi mankhwala, ndipo nkhalamba yolera zidzukulu zinayi siingakwanitse. Malume wa lero si wouma mtima kuposa wa kale. Kungoti kamunda kake sikakwanira ndi ana ake omwe.

Ana amenewa ndi ndani?

Mu 2015 bungwe la Retrak, mogwirizana ndi Chisomo ndi unduna woona za ana, linatulutsa zotsatira za kalembera wa ana a m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Anapeza ana oposa 4,000. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mwa ana khumi aliwonse, pafupifupi mmodzi yekha ndiye ankagona kumsewu. Enawo ankabwera m'mawa kudzapempha, kugulitsa kapena kunyamula katundu, madzulo n'kubwerera kwa makolo kapena achibale m'makomboni. Ndiye kuti ambiri mwa ana amene timawatcha amasiye opanda kwawo ali ndi kwawo, koma kwawoko n'kumene kukuwadalira iwo kuti kudyedwe.

Msewu uli ndi masitepe. Mwana amayamba ndi kujomba kusukulu kuti akagulitse mandasi kapena kutsogolera kholo losaona. Kenako tsiku lina ndalama zasowa, akuopa kukwapulidwa, agona kumsika. Mawa agonanso. Wina amathawa bambo omupeza kapena mayi omupeza. Wina, ngati mnyamata uja, amachita kutengedwa kumudzi ndi munthu womulonjeza ntchito. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira mu 1994, koma yunifolomu ndi makope si zaulere, ndipo mwana wa njala samva za aphunzitsi.

Kalembera yemweyo anapeza kuti ambiri ndi anyamata. Nanga atsikana ali kuti? Sikuti iwo ali pabwino. Mtsikana wochokera m'nyumba yomweyo ya umphawi amatengedwa kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 25 kapena ku Kawale, kapena amakwatiwa ali wamng'ono kuti pakhomo pachepe pakamwa. Inkosi Theresa Kachindamoto ya kuno ku Dedza inatchuka dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana, oposa 850 pofika mu 2016, ndi kuimitsa mafumu ovomereza maukwati otere. Ine ndimaona kuti mtsikana wa zaka 14 wa pabanja ndi mnyamata wa pa Malangalanga ndi ana a nyumba imodzi. Wina timamuona chifukwa amatipempha ndalama pawindo la minibasi. Winayo ali kuseri kwa mpanda.

Zomwe msewu umachita kwa mwana

Ife a ku Dedza kuzizira timakudziwa, koma kwathu kuzizira kumabwera ndi moto wa m'khitchini ndi mbatata yootcha. Mwana wa pakhonde la sitolo amafunda katoni ndi thumba. Amadwala malungo, chifuwa ndi zilonda, ndipo kuchipatala amafunsidwa kuti wabwera ndi ndani. Aang'ono amalandidwa ndalama ndi akuluakulu anzawo, ndipo kugwiriridwa kumachitikira anyamata ndi atsikana omwe. Ambiri amayamba chamba ndi kachasu kuti apeze tulo. Chaka chilichonse chomwe wakhala kunja kwa sukulu chimachititsa kuti kubwerera kukhale kovuta, chifukwa mnyamata wa zaka 15 safuna kukhala pansi ndi ana a Sitandade 2.

Sindikana kuti ena mwa iwo amaba. Aliyense amene anatsompholedwapo foni pa mlatho wa Lilongwe ali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo amayi ogulitsa kumsika amene amawaopa anawa madzulo sakunama. Koma taonani mmene zimayendera. Anthu akadandaula, apolisi amasesa misewu. Ana amatengedwa, ena amabwezedwa kumudzi, zithunzi zimatuluka m'nyuzipepala. Pakapita milungu ingapo abwerera, chifukwa chomwe chinawachotsa kumudzi chikadali pomwepo. Amabwerera atakula pang'ono, ataphunzira kuti munthu wa yunifolomu ndi woti uzimuthawa. Njira imeneyi taiyesa kuyambira mu 1930, ndipo ana akungochuluka.

Tiyambire kuti?

Malamulo abwino tili nawo. Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limaona mwana wosowa pokhala ngati wofunika chisamaliro, osati chigawenga. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la mu 2015 limakhudza anthu ngati bambo uja anakatenga mwana kwa Kaphuka. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18, ndipo mu 2021 utenanti unathetsedwa mwa lamulo. Vuto n'lakuti lamulo silifika lokha pamudzi. Limafuna alangizi osamalira anthu okwanira, okhala ndi njinga yamoto ndi mafuta, oti n'kufika kwa agogo aja mlendo asanafike.

Ngati mbiri yomwe ndafotokozayi ili yoona, ndiye kuti ndalama yothandiza kwambiri ana a m'misewu ndi imene imagwiritsidwa ntchito kutali ndi msewu. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo tsopano ali m'maboma onse, amapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndipo ambiri mwa mabanja amenewa ndi a agogo olera zidzukulu. Phala la kusukulu nalonso limasunga ana m'kalasi miyezi ya njala. Zinthu ziwirizi sizikongola pa chithunzi ngati galimoto ya apolisi yodzaza ana, koma n'zimene zikuchita ntchito yomwe malume ankachita asanapite ku Joni. Ndipo mafumu athu, monga Kachindamoto anaonetsera pa maukwati, angathe kulamula kuti mwana asachoke pamudzi ndi mlendo popanda mfumu kudziwa kumene akupita.

Palinso mbali yathu, ife ophunzira. Ambiri a ife tikadzayamba ntchito m'tauni, tidzaimba foni kumudzi kuti atipezere kamtsikana kothandiza pakhomo kapena kamnyamata kogulitsa mazira. Tidzanena kuti tikuthandiza wachibale. Tidzifunse ngati mwanayo adzapita kusukulu limodzi ndi ana athu, ngati adzalandira malipiro ake, ndiponso kumene adzapite tsiku lomwe tidzakangane naye.

Minibasi itadzaza tsiku lija, ndinamupatsa mnyamata uja ndalama ya katundu ndi ina pang'ono, ndipo ndinamuuza za masisitere a Tikondane. Anagwedeza mutu ngati akuwadziwa kale. Kuchokera pa depoti kufika pa Linthipe sipatenga maola awiri. Iye anandiuza kuti papita zaka ziwiri asanaone agogo ake, ndipo sakudziwa ngati akadali moyo.